Mdala Wotseka Kompaila Pakamwa

"Bamuna banga bali moyo, ba neba! Si aba baimilila apa?" Ameneyo ndi mlongo wanga Eness, akukalipa pageti la mdala wa makompyuta kuno ku Kabwata.

Mdalayu amalemba mapulogalamu m'chilankhulo cha makompyuta chotchedwa C pakampani ina m'tauni, ndipo amayenda ngati magetsi anawayambitsa ndi iyeyo. Kachigawo kalikonse ka pulogalamu kali ndi ntchito yake, koma iye ntchitoyo saiitana ndi dzina lake, ati n'zachibwana. Amasunga adilesi yake m'kanthu kotchedwa poyinta, n'kumaiitanira m'menemo. Kompaila, yomwe imayesa zolemba zake makina asanazigwiritse ntchito, ikadandaula amangoti, "Chenjezo si mlandu, mwana."

Mwezi uno inadandaula kuti poyinta ndi ntchito yolozedwayo sizikugwirizana. Mdala anaikakamiza kukhala chete, n'kupita kumowa. Pulogalamu inaitana ntchito yofufuta akufa m'kaundula wa antchito m'malo mwa yowasindikizira makuponi a unga. Alamu anga, dalaivala pakampani pomwepo, anafa m'kaundulamo ali amoyo pachiwongolero, makuponi osatuluka, ndipo ana awo akugonera tiyi.

Pano mdala wabisala kuseri kwa katani, ati alakwa ndi makina. Tulukani, mdala! Tiyeni kwa tcheyamani wa Chipani, mukanene pamaso pa ana awa kuti atate awo anawapha ndani!