Udokotala wa a Felisberto Owotcherera

A Felisberto a ku Sanjala, dera la mumzinda wa Lichinga, sukulu anailekezera kalasi yachitatu, kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Atabwerera ku Lichinga anaphunzira kuwotcherera zitsulo, ndipo kwa zaka zambiri ankalumikiza mamota othyoka, njinga zamoto zija. Udokotala anaupeza tsiku limodzi lokha, pa foni.

Amene anaimba ndi mwana wawo Lénia, wophunzira sayansi ku Maputo. Anawafotokozera kuti amatenga mankhwala a m'khungwa la mtengo wina n'kuwalumikiza ndi mkuwa, ndipo zimene anapangazo zinapha maselo a khansa m'kambale kagalasi.

Za kambalezo sanazimve. Makutu a wowotcherera amasankha zomva.

"Kulumikiza zitsulo! Mwanayu watengera ine," anauza mkazi wawo.

Sabata isanathe, aliyense wobweretsa mota ankalandira phunziro laulere. Khansa yatha, ndipo yathera m'banja la a Felisberto. Ankanena atanyamula waya wamkuwa m'mwamba, kuti osaphunzira aone.

Lachinayi lina m'mawa, kukuzizira, kunabwera a Mahamudu, telala woyandikana nawo nyumba. Mota analibe. Anavula chipewa.

"Achimwene, akazi anga a Ummi akutaya magazi mwezi wachitatu uno. Tamva kuti mankhwala ali kwanu kuno."

Dokotala wamkulu uja, a Felisberto, anayang'ana waya, anayang'ana ketulo, ndipo kunena zoona, maganizo owiritsa anawabwerera. Mwamwayi anayamba aimbira Lénia.

"Ababa, musayerekeze! Mkuwa wowiritsa ndi poizoni. Ngakhale sopo amapha maselo m'kambale. Ife sitinayesebe ngakhale pa mbewa. Mwina zaka khumi, mwina osatheka n'komwe. Apititseni kuchipatala lero."

Foni inali pa sipika, poti a Felisberto ankafuna mudzi umve nzeru za mwana wawo. Mudzi unamvadi.

A Felisberto anatseka shedi, anabwereka mota ya kasitomala yomwe anali atangoiwotcherera, n'kunyamula a Ummi. A Mahamudu anatsatira pa chapa, minibasi ya kumeneko. Pamzere wa kuchipatala a Felisberto anakhala maola asanu ali chete, chinthu chimene mkazi wawo mpaka lero amakana kukhulupirira.

Inalidi khansa ya khomo la chiberekero, koma inapezeka isanafalikire. A Ummi anawatumiza ku Nampula kukachitidwa opaleshoni, ndipo anabwerako patatha miyezi iwiri, ataonda koma akuyenda okha.

Anafika ndi nkhuku kudzathokoza. A Felisberto anakonza kukhosi, kukonzekera kulandira ulemu wa sayansi.

"Nkhukuyi ndi ya mwini mota," anatero a Ummi. "Inu ndakubweretserani moni."