Madamu Atadziwa Kuti Ndinaphunzira Fizikisi

Pa fomu ya kwa ejenti ndinalemba kuti sukulu ndinalekezera Fomu 4. Linali bodza. Ndili ndi digiri ya fizikisi, ndipo ndinaphunzitsako pa sekondale ina ku Mzimba. Koma ejentiyo anati mabanja a ku Dubai safuna wantchito wa m'nyumba wophunzira kwambiri, akuti sachedwa kuthawa.

Banja limene linanditenga linkakhala ku Sports City, ndipo ntchito yanga inali yolera ana awiri. Madamu anali injiniya pamalo opangira magetsi a nyukiliya, kutali kuchipululu. Ankachoka Lolemba n'kubwera Lachinayi, ndipo Loweruka lonse ankawerenga za mastazi, digiri yawo yachiwiri.

Loweruka lina ndikusita, anandipatsa timakadi ta mafunso kuti ndiziwawerengera, iwo aziyankha. Funso lina linali la nthawi imene imapita kuti mphamvu ya cheza cha yureniyamu itsike ndi theka. Anasokoneza masamu ake. Ndisanadzigwire, ndinali nditawakonza kale.

"Wadziwa bwanji?" anafunsa.

"Ndinangomvapo, madamu."

"Zimenezi munthu sangomvapo."

Anandipanikiza mpaka ndinaulula. Sanakalipe. Anaseka, n'kunena kuti ndiwabweretsere masatifiketi anga. Kusekako n'kumene kunandidetsa nkhawa. Akanakalipa ndikanadziwa pamene ndaima.

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi ndinapita ku Satwa kwa mayi wina wa ku Chipata, telala, amene tonse tinkathawirako ndi mavuto athu. Anamvetsera mapini ali kukamwa, kenako anawalavulira m'manja.

"Mwana wanga, mapepa yako osapatsa munthu. Manje akatenga, uzayenda kuti? Mupatse fotokope chabe."

Ndinachita zomwezo. Madamu anailandira fotokopeyo osafunsa za enieniwo, n'kuiwerenga ataimirira.

Kuyambira pamenepo ntchito inawonjezereka mwakachetechete. Ana akagona masana, ndinkapeza pathebulo mapepala a kusukulu kwawo. "Ungoonamo masamuwo, habibti," ankatero, kutanthauza wokondedwa m'Chiarabu. Ndinkaonamo, ndipo ndisaname, ndinkasangalala. Mutu wanga unali utachita dzimbiri ndi matewera. Koma ndinkadzifunsanso kuti kodi akundithandiza, kapena apeza mphunzitsi waulere m'khitchini mwawo?

Tsiku lina anati, "Yalla, tiye, vala bwino." Ana anawasiya ndi bambo awo, ife tinapita ku hotelo ina ku Al Garhoud kumene mayunivesite ankaonetsa maphunziro awo. Pa tebulo la uinjiniya wa nyukiliya panali bambo wa tayi yofiira. Funso ndinkafunsa ine, koma poyankha ankayang'ana madamu. Anati digiri yanga iyenera kudindidwa kwathu ndi kuno komwe, ndilembe mayeso a Chingerezi, ndipeze kalata ya munthu wondidziwa pa ntchito ya sayansi. Anawonjezera kuti ngakhale utakhoza, pamalo a nyukiliya salowetsa munthu asanafufuze mbiri yake yonse.

Ndinakumbukira fomu ya kwa ejenti.

"Kwanu kuli malo a nyukiliya?" bamboyo anandifunsa tsopano, koyamba kundiyang'ana.

"Kulibe. Koma yureniyamu ali ku Karonga."

Anagwedeza mutu n'kunena kuti ndiganizire za maphunziro oteteza anthu ku cheza choopsa ngati cha yureniyamu. Akatswiri otero amafunika ku migodi ndi m'zipatala za khansa, osati pamalo opangira magetsi pokha. Mfundo imeneyo inandigwira mtima, ngakhale kuti kabuku kake anapatsa madamu, osati ine.

Tili m'galimoto pobwerera, madamu anati kalata ija adzalemba okha. Kenako, maso ali pamsewu, anati, "Zonsezi zimatenga nthawi. Ukanakhala nafe zaka zina ziwiri, bwenzi ukukonzekera mtima uli m'malo. Ananso akuzolowera."

Mumtima ndinati, chimene chinabisala n'chimenechi.

Ndinasaina kontrakiti ya chaka chimodzi, osati ziwiri. Madamu sanakondwe. Mayeso a Chingerezi ndinakhoza. Digiri inapita ku Lilongwe ndi mnzanga wa ku tchalitchi n'kubwera ili ndi zidindo. Ndinafunsira malo a mastazi a zoteteza anthu ku cheza, ophunzira pa intaneti. Kalata ya madamu inapita yokha ku yunivesite, ine osaiona. Nditafunsa zimene analembamo anandisisita paphewa.

"Khalas, basi, usade nkhawa. Zabwino zokhazokha."

Yankho linabwera ndikutsuka mabotolo a mwana. Sananditenge. Chifukwa sanatchule, anangoti ndidzayesenso chaka chamawa. Madamu atamva anaoneka achisoni ndithu, mpaka anandigulira buku lalikulu la fizikisi ya cheza. Ndinayang'anitsitsa nkhope yawo kufuna kuona ngati pansi pa chisonicho panali mpumulo, koma sindinaone kanthu. Mwina ndimawalakwira mayi amene aja. Mpaka lero sindidziwa.

Bukulo ndinaliwerenga lonse. Koma mlungu womwewo ndinalembera aphunzitsi anga akale a ku yunivesite ku Zomba, kuwapempha kuti kalata ya ulendo wachiwiri alembe iwowo. Madamu sindinawauze.