Bambo wobisala mumtengo

Mwaswera bwanji nonse.

Ndangofika kumene kuchokera ku Boma. Mdzukulu wanga Tadala anandikoka kuti tikaonere filimu imene achinyamata akonza okha, amaionetsa muholo ya kusukulu kwawo.

Nkhani yake ndi ya mtsikana wa ku sekondale wokonda mpira wamanja. Bambo ake anamuletsa pamaso pa anthu, koma tsiku lililonse la masewero ankakwera mumtengo wa mango n'kumaonera mobisa. Mawu ena samamveka chifukwa cha mphepo, ndiponso wosewera ngati mphunzitsi amangokuwa. Koma filimuyo ndi yabwino, musaiphonye.

Kumapeto nthambi inathyoka, bambo uja n'kugwera m'bwalo, nsapato imodzi itatsala m'mwamba. Holo yonse inafa ndi kuseka. Mtsikanayo sanaseke. Anangofunsa kuti, “Ababa, munayamba liti kubwera?”

Tadala nayenso sanaseke. Tikubwerera ndinati, “Bambo uja ndi chitsiru, eti?”

Iye anati, “Bola iwo, agogo, anali mumtengo.”



Bambo a Tadala, mwana wanu akusewera Loweruka, masewero ake omaliza asanamalize sukulu. Munati thiraki yanu idutsa pachipata cha ku Mwanza Lachisanu pochokera ku Tete. Sindikukuweruzani. Bwalo limene munkasewerapo inu muli mnyamata, mukudziwa nokha kuti ine kholo lanu sindinapondepo.

Ine ndipita, ndikakhala kutsogolo penipeni. Achibale, ndalakwa kodi kupempha kuti mwana wangayu agone ku Mwanza usiku umodzi wokha, adzakhale pambali panga?