Tsiku Limene Modester Anatambasula Dzanja

Inu amene mwatopa ndi kuganiziridwa ndi ena, imvani za Modester.

Tsiku limene anamutulutsa m'nyumba mumzinda wa Leeds, m'dziko la eni, kunali mvula yowaza. Pempho lake loti akhale m'dzikomo ngati wothawa kwawo linali litakanidwa. Anakhala pasiteshoni ndi chikwama chimodzi. Basi kubwera, basi kupita. Iye osadziwa yokwera.

Anamutola ndi mayi Tereza, a mpingo umodzi, ogwira ntchito yosamalira okalamba ku Hull.

"Dzuka mwanawe. Sofa ilipo pabalaza, uzikagona pomwepo."

Anagonapo zaka. Ntchito, saloledwa. Kusamuka, mpaka auzidwe. Mapepala atatuluka mu 2014, mutu unali utazolowera kudikira. M'shopu ankaima kutsogolo kwa buledi mpaka kuimbira foni mayi Tereza kuti agule uti.

Mayi Tereza omwewo anamupezera malo kunyumba ya okalamba kumene ankagwira. Modester analimbikira. Kusambitsa, kudyetsa, kusintha zofunda. Akaweruka, kukalasi. Mayeso oyamba analakwa, achiwiri anakhoza. Patapita zaka ziwiri anamupatsa udindo wotsogolera shifiti, koma mongomuyesa.

Abwana, mayi wachizungu wosazungulira, anamuuza poyera: "Manja uli nawo. Koma chilichonse umafunsa. Mtsogoleri wotero sindingamusunge. Mwezi uno ukatha tiona."

Mwezi wake unali Okutobala.

Pabalaza la nyumbayo pankakhala nkhalamba ziwiri, a Ralph ndi a Edmund, amene anagwira ntchito padoko limodzi. Ali anyamata ankasewera baseball, mpira womenya ndi chibonga. Mwezi umenewo ku America kunali masewero achipulula. Mwana wa a Ralph ankawajambulira, iwo n'kumaonera masana pa wailesi yakanema. Wowauza zotsatira msanga ankakhala mdani.

Modester ankaponyako diso akamapereka tiyi. Mutu unkangomuzungulira. Mpira waung'ono ngati lalanje. Magolo palibe. Wina aponya, wina amenya ndi chibonga, ena angoima kumatafuna. Munthu athamanga, azungulira, abwerera pomwe anachokera, anthu n'kuwomba m'manja. Ngakhale kochi wavala yunifolomu ngati osewera, mimba ili patsogolo.

Tsiku lina anaona zachilendo. Kochi anatuluka pamene amakhala. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pakati pa bwalo, pamene panali woponya mpira, katswiri amene anasewera bwino kuyambira pachiyambi. Anatambasula dzanja. Katswiri uja anayang'ana pansi, n'kuika mpira m'dzanjamo. Analowa wina. Mpira wake woyamba, wa timu inayo anaumenya mpaka kunja kwa bwalo. Timu inagonja.

"Chitsiru," anatero a Ralph. "Munthu waponya bwino tsiku lonse, iwe ukumuchotsa?"

"Mkono unali utatopa," anayankha a Edmund. "Sunaone mpira ukuchepa liwiro? Wakhungu iwe."

"Wakhungu ndi amene anathira mchere mu tiyi Lolemba."

Mkanganowo unafika mpaka pachakudya. Mkuja wake, kochi wa timu ina anasiya woponya wake wotopa kuti amalize. Nayenso anagonja.

"Chitsiru," anateronso a Ralph. "Akanamuchotsa kalekale."

Modester anaika ketulo pansi. "A Ralph, dzana munati asachotse. Lero mukuti achotse. Cholondola n'chiti?"

"Cholondola timachidziwa mpira ukatha, mwanangu. Ndiye kukoma kwa mpando uno."

A Edmund anakoka bulangete. "Mnzathu kochi ujayo mpando wotere alibe. Sangatume munthu. Amayenda yekha, bwalo lonse likuona, n'kutambasula dzanja. Akalakwa, timutukwana. Akakhoza, titama osewera."

Modester anachoka atasokonezeka kuposa poyamba. Ntchito yanji yotero? Amaivomera bwanji?

Sabata yotsatira, m'mawa, makiyi a kabati ya mankhwala anali ndi mayi Tereza. Anali atachokera kushifiti ina kwina, osagona. Modester anawaona patali m'khonde. Mayiwo anawerenga dzina limodzi kawiri. Zikope zikugwa. Anatenga mapiritsi a Ralph, dzanja linalunjika pakapu ya a Edmund. Anadzidzimuka, anabweza.

Palibe chimene chinalakwika. Koma zipinda zinatsala zambiri.

Modester anatulutsa foni kuti afunse abwana. Anaiyang'ana. Kufunsanso? Akawalanda makiyi, ayenera kukanena chifukwa, ndipo mashifiti awo adulidwa. Akawasiya, mwina amaliza bwino, monga amalizira zaka zonsezi. Mwina ayi. Ndipo kwathu wamkulu salandidwa chinthu m'manja. Nanji amene anakutola pasiteshoni.

Anabweza foni m'thumba. Anayamba kuyenda.

Khondelo linatalika tsiku limenelo. Anzake awiri anasiya zimene ankachita.

Anatambasula dzanja lamanja, lamanzere litagwirizira pamkono, monga analeredwera.

"Amayi, ndipatseni makiyi. Kapumeni."

"Ati chiyani? Iwe Modester? Ntchitoyi ndinayamba iwe ukugulitsa mayunitsi ku Limbe."

"Ndikudziwa, amayi."

"Wagona pasofa panga iwe."

"Ndinagona. Makiyi, amayi."

Dzanja silinatsike. Makiyi anagwera m'menemo, ozizira.

Lamulungu, kutchalitchi, nkhani inali yomweyo. Ena amvekere mapepala amuzunguza mutu, wayamba kudzimva. Ena amvekere akanafa munthu, mukanati chiyani? Bambo wina anati akanadikira abwana. Mayi wina anati akanawanong'oneza kukhitchini. Aliyense anali kochi. Aliyense anali ndi mpando.

Modester analira ali m'basi. Ankadzifunsa ngati anakhoza, osapeza womuyankha. Ngozi imene sinachitike ilibe mboni.

Mwezi utatha, abwana anamukhazikitsa paudindo. Koma mayi Tereza anasiya kumupatsa moni. Nyengo yozizira yonse ankadutsana m'khonde ngati alendo. Modester sanasiye. M'mawa uliwonse, "Mwadzuka bwanji, amayi?" M'mawa uliwonse, zii.

Tsiku lina, chisanu chitayamba kuchepa, anamva kumugwira paphewa. Anali mayi Tereza, makiyi ali m'manja.

"Lero maso akulemera. Gwira."

Anangonena zomwezo, n'kupita kukakhala pansi.

Pofika 2019 Modester anali wachiwiri kwa abwana panyumbapo. Baseball sanaimvetsebe. Mpaka lero sadziwa chifukwa chimene munthu amathamangira kubwerera pomwe anachokera. A Ralph anamwalira akunenabe kuti kochi uja anali chitsiru. A Edmund amakanabe.

Inunso mwina mwaima m'khonde lanu. Mutu wasokonezeka, foni ili m'manja, mukufuna wina akuganizireni. Okhala pamipando adzalankhula mukachita, adzalankhulanso mukapanda kuchita. Musadikire kuti mumvetse zonse. Modester sanamvetse, koma anayenda.

Osataya mtima, abale. Bwezani foni m'thumba. Yendani, mukatambasule dzanja.