Theka la Gaga ku Lubuto

Chisoti cha ku mgodi cha atate chinathera kukhola. Ntchito itawathera ku Kitwe, tinasamukira kumalire a Lubuto ndi nkhosa zitatu zazikazi, ndipo chisoticho chinasanduka muyeso wa gaga. Atate anapita kukasaka ntchito ku Solwezi. Chuma chathu chonse chinali nkhosa zimenezo, zitatu zonse zili ndi bere. Amayi nawonso anali oyembekezera.

Mu Okutobala, udzu utauma gwa, amayi anandiuza kuti ndizithirira nkhosazo theka lokha la chisoticho. "Mwana akakulitsa m'mimba satuluka," ankatero. Ndinamvera. Mimba zinkafufuma tsiku ndi tsiku, ine nkumati zanenepa. Ife obadwira m'tauni, nkhosa tinkaidziwira m'mbale basi.

Yoyamba kudwala inali ya khutu long'ambika. Inkaima payokha ikukukuta mano, maso ali tong'o osaona kanthu, mpweya wake ukununkha ngati nthochi zoola. Tsiku lachitatu inagona osadzukanso. Yachiwiri inayamba chimodzimodzi.

Amalume, amene anawetako ziweto kwathu ku Katete, anabwera pa minibasi kuchokera ku Masala. Sanayang'ane mimba ayi. Anatenga dzanja langa nkuliika pamsana pa nkhosa. Mafupa anandibaya ngati mano a sowo.

"Mlongo, izi zili ndi mapasa, ndipo anawo akudya amayi awo. Masabata omaliza ndiye owonjezera chakudya, osati kuchepetsa!"

Tinayesa zonse, abale. Tinazimwetsa madzi a shuga ndi botolo. Ndinazungulira msika wonse ndikupempha masamba a kabichi otayidwa, amayi ogulitsa akundiseka m'Chibemba. Ndinalira mumsewu, thumba lili kumsana. Yachiwiri inafa Loweruka masana, ana awiri ali m'kati. Mpaka lero ndimadziimba mlandu, pakuti dzanja lothira linali langa.

Yotsala ija itagona nayonso, amayi anagwada m'ndowe, akuikankha ndi mapewa. "Dzuka, mayo ine, dzuka! Ndikawauza chiyani atate ako?" Amafunsa ine kapena nkhosa, sindikudziwa.

Amalume anawagwira pamkono kuti awadzutse, koma sanawasiye. Anaugwiragwira mkonowo monga anachitira msana uja.

"Nanga inuyo, mlongo, mwadya liti?"

Amayi anayang'ana kumbali. Ine ndinapsa mtima: nkhosa ikufa, munthu wamkulu akufunsa za chakudya! Ndinali wamng'ono. Sindinkadziwa kuti mwana woyamba wa amayi anafera m'mimba atakanika kutuluka, ndi kuti miyezi yonseyo amayi ankadziyezeranso theka.