Miyendo Imene Eneresi Anandibisira

Ndinaganiza zochoka ku Lifuwu m'chaka chachiwiri cha ukwati wathu. Ndinali nditamaliza maphunziro oyeza magazi ku koleji, ndipo ntchito inapezeka pachipatala china chachikulu ku Blantyre. Eneresi, mkazi wanga, sanatsutse. Anati atsala chaka chimodzi chokha, athandize amayi ake kulima mpunga ku sikimu, ine ndikapeze nyumba yoti tikhalemo awiri. Chaka chimenecho chinasanduka zaka zitatu.

Anandiperekeza mpaka ku siteshoni ya sitima ku Salima. Pachipata panali achipani akufunsa makhadi a chipani. Ine ndikupapasa m'matumba, iye anamasula mfundo ya mpango wake n'kutulutsa khadi langa, poti ankandidziwa. "Mukakalawa mpunga wa kumeneko mundilembere, ndiseke," anatero.

Ndinamulembera. Mpunga wa ku Blantyre unalibe fungo. Ndinkakhala m'kachipinda ka lendi ku Ndirande, ndipo Lamulungu ndikachapa zovala ndinkasowa womuuza kanthu. Malipiro ankakwana lendi, chakudya ndi zotumiza kwathu pa positi, koma nyumba ya anthu awiri ayi. Mwezi uliwonse ndinkati mwezi wamawa.

Kuntchito kunali dokotala wina wachikulire amene ankakonda kufotokoza zinthu ataima pakhomo. Iye ndiye anandiphunzitsa za impso. Zikafooka, zoipa zimene zimayenera kutuluka ndi mkodzo zimatsalira m'magazi. Zina zimamatirira ku mapuloteni a m'magazimo, moti sizichoka wamba, ndipo pang'onopang'ono zimawononga mitsempha ndi mtima. "Ambiri mwa odwala amenewa sadikira kuti impso zithereretu," ankatero. "Mtima ndi umene umayamba kugonja." Ndinalemba mawuwo m'kope. Zizindikiro zake ndinkazidziwa pamtima: kutupa, kuyabwa thupi, kusowa chilakolako cha chakudya.

Makalata a Eneresi ankanena za mbalame zovutitsa m'mpunga, za mvuu imene inadya ndime ya a Chisale usiku umodzi wokha, za kwaya ya amayi. Kamodzi analemba kuti thupi likumuyabwa, mwina ndi madzi a m'sikimu. Ndinatumiza sopo ndi mafuta odzola. Kenako kunabwera chithunzi chojambulitsa ku boma. Nkhope inali itadzaza, chitenje chafika pansi penipeni. Anzanga anachilandirana m'manja. "Achimwene, mukusamala! Taonani masaya awa." Ndinaseka nawo, n'kuchikhoma pakhoma. Ine woyeza magazi a anthu tsiku ndi tsiku ndinaona kunenepa.

Telegalamu inandipeza kuntchito. Eneresi anagwa m'mawa pamalo opunthira mpunga atagwira pachifuwa, ndipo pamene ngolo inkafika kuchipatala n'kuti atatsirizika.

Lifuwu ndinaipeza monga ndinaisiyira: fungo la mpunga watsopano, amayi akupeta pabwalo, achule m'ngalande. Ndinakhala mpaka tsiku lometa. Dzulo lake ndinapeza mlamu wanga Felesiya, mkulu wake wa Eneresi, akutsuka mbale kuseri kwa nkhokwe. Kale tinkachita nthabwala kwambiri. Ndinamufunsa kuti m'bale wake anayamba liti kudwala.

"Alamu, sukulu yonse ija simunaone?" Sanakweze mutu. "Miyendo inayamba kutupa dzinja lapitalo lija. Mukadina ndi chala pankatsala dzenje."

"Nanga bwanji simunapite naye kuchipatala? Bwanji osandilembera?"

"Anandilumbiritsa. Mwaiwala kwanu kuno? Mkazi akatupa miyendo mwamuna ali kutali, anthu amati chiyani?"

Ndinali nditaiwaladi. Amati ndi tsempho: mwamunayo akuyenda ndi akazi ena, ndiye wamudula mnzake.

Felesiya anati Eneresi ankalawirira kumunda anthu asanadzuke, kuti pofika ena apeze miyendo ili kale m'madzi, ndipo ankatuluka onse atapita. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo atafunda mapazi. "Ankati, 'Amuna anga sangachite zimenezo. Ndiye ndisawaike m'kamwa mwa anthu chifukwa cha miyendo.' Ngakhale amayi anadziwira posambitsa thupi, ndipo sanauze munthu."

Ndinamuthandiza kunyamula mbalezo.

Ndayesa kudzinamiza kuti palibe chikanasintha, pakuti makina otsuka magazi sitinali nawo. Koma ndikudziwa zimene tinkachitira ena: mankhwala otsitsa kuthamanga kwa magazi, kuchepetsa mchere, kupumula. Ena ankakhala zaka. Kabotolo kamodzi ka magazi ake kakanandiuza zonse dzuwa lisanapendeke.

Mawa lake tinameta. Abale atakhala pamphasa, amalume ake a Eneresi anaimirira kuti andimasule monga mwa mwambo. Anati mkamwini uyu wakhala kutali zaka zitatu, koma m'mudzi muno simunamveke kanthu koipa konena za iye, ngakhale kamodzi. Anati achinyamata atengerepo chitsanzo. Anthu anavomereza. Apongozi anga aakazi anayang'ana pansi, Felesiya anadzuka n'kupita kuseri.

Onse ankadikira ine. Ndinagwada, ndinawomba m'manja katatu, n'kunena kuti zikomo.