Ndinamukana Amene Anandiphunzitsa Chingerezi

Anzanga, nkhani iyi yandidya mumtima kwa chaka chathunthu. Lero ndiloleni ndiitule.

Ndinkagwira ntchito pa kashopu ka photocopy. Mapepala olakwika tinkawataya m'katoni pakhomo. Tsiku lina masana ndinapeza mlonda wa pageti la mpanda wathu atawerama, akusankhasankha mapepala m'katonimo.

"Achimwene, mukufuna oyatsira mbaula?"

"Ayi achemwali, ndi owerenga," anayankha akumwetulira. "Inu mumataya Chingerezi, ine ndimatola."

Ndinaseka mpaka misozi!

Mawa lake anandionetsa kakope kake kakuda ndi thukuta. Sukulu anailekera panjira bambo ake atamwalira, koma kakopeko kanali thoo ndi mawu. Ine amene ndinamaliza sukulu, kasitomala akandilankhula Chingerezi ndinkangoti "yes, yes" basi.

"Ndiphunzitseni," ndinatero.

"Mawu atatu patsiku basi," anatero. "Koma liwu osalilemba lokha, limafa ndi kusungulumwa. Mulembe chiganizo chonse chimene mwalipezamo. Ndiye mulilankhule katatu dzuwa lisanalowe, olo mukhale mukulankhula ndi makina anuwo."

Anadula timapepala n'kumata pa chilichonse m'shopumo. Drawer. Shelf. Ceiling. Abwana atabwera anafunsa ngati tatsegula sukulu ya mkaka!

Anandiphunzitsanso kuti liwu lili ndi abale ake. Ukadziwa decide, ufufuze decision, ufufuze decisive. Ndinayamba kumutchula kuti a Dikishonale.

Nthawi ya lunch tinkakhala pa benchi la pageti, kuwerengerana mapepala otayidwa mokweza. Malipoti, makalata ofunsira ntchito, zilizonse. Sindikudziwa tsiku limene "achemwali" anasanduka "iwe".

Lachisanu lina anandipatsira kapepala kopinda.

"Liwu la lero lili mmenemo."

Munalembedwa kuti: I am fond of you.

Ndinathamangira kumbuyo kwa makina kukafufuza fond pa foni... Anzanga, kunali kundiuza kuti amandikonda!

Tinakondana miyezi isanu ndi itatu. Amayi anamukonda. Ankati, "Mwanawe, mwamuna waulemu chonchi sapezeka pamsewu."

Kenako ndinaona kuti kampani ina ikufuna munthu wa pa reception. Ndinkaopa. Iye ndiye anandikakamiza. Sabata ziwiri ankakhala bwana wabodza, atakwinya nkhope, kundifunsa mafunso a interview mpaka lilime langa linamasuka.

Ntchito ndinaipeza!

Ku ofesi yatsopanoko kunali atsikana onunkhira, Chingerezi chotulukira m'mphuno. Ndinayamba kuwatsanzira. Za chibwenzi changa sindinawauze.

Tsiku lina mvula inagwa yamphamvu chakumasana. Ndili pa desiki, anzanga awiri ataima pambali, chitseko chinatseguka. Anali iyeyo, ali mu yunifolomu, nsapato zili matope, ambulera ili m'manja.

"Unaiwala iyi m'mawa," anatero.

Kenako anawapatsa moni anzanga aja, n'kundiloza monyadira.

"This one will go far. No daubuti!"

Amatanthauza doubt. Anatchula b uja amene satchulidwa.

Atsikana aja anaphulika kuseka. Wina mpaka anagwira khoma.

"Sisi, a Daubuti amenewa ndi ndani ako?"

Anzanga... nanenso ndinaseka. Ndipo pakamwa panga panatuluka mawu awa:

"Aa, ndi mlonda wa komwe ndinkagwira kale. Ndinangomutuma."

Anandiyang'ana kamodzi. Anaika ambulera pa desiki mwaulemu, n'kutuluka.

Sanaimbe. Ine ndi matama anga ndinati apsa mtima pang'ono, abwera yekha. Sabata zitatu zinadutsa, foni ili zii. Amayi atandifunsa, ndinanama kuti watanganidwa.

Loweruka lina ndinalimba mtima n'kupita kugeti kuja. Anatsegula n'kuima chilili.

"Takulandirani madam. Mukufuna kuona ndani?"

"Iwe, usatero. Ndikhululukire."



"Kundiseka sikunandiwawe," anatero motsitsa mawu. "Liwu lija sindinamvepo munthu akulitchula, ndinangoliona papepala. Ukanandikonza, ndikanathokoza. Koma unandikana, ine ndili pomwepo."

"Linali lilime chabe..."

"Ayi. Lilime limanena zomwe mtima wasunga."

Ndinalira pagetipo, anthu akudutsa. Sanandikalipire. Anangondipempha kuti ndisunthe pang'ono, galimoto imafuna kulowa.

Patatha mwezi ndinabwererako, ndinapeza mlonda wina. Anati mnzakeyo anapempha yekha kuti amusamutse. Nambala yake siigwiranso.

Lero ku ofesi amanditama kuti ndimalankhula bwino. Atsikana aja sakumbukanso n'komwe za tsikulo. Anaseka mphindi imodzi n'kuiwala.

Anzanga, munthu amene wakukhulupirirani mulibe kanthu, musamuchitire manyazi pagulu. Ine ndinafuna kusangalatsa anthu awiri osandidziwa, ndipo ndinataya mmodzi amene ankandidziwa bwino.